Dzina la Baron Lugard: momwe ntchito yolemba kabuku ikuyendera

3 Febuluwale

Lero ndayamba kusunga zolemba za ntchito ya kabuku kamene ndikukonzera aphunzitsi anzanga a mbiri yakale. Kabukuka kakufotokoza za Frederick Lugard, bwanamkubwa wa atsamunda amene analamulira Hong Kong ndi Nigeria, komanso za dzina laulemu la Baron Lugard, limene mfumu ya ku Britain inamupatsa mu 1928 ndipo linatha iye atamwalira mu 1945. Ndasankha munthu ameneyu chifukwa asanakhale bwanamkubwa kulikonse anadzamenya nkhondo ku Karonga, ndiponso chifukwa maganizo ake pa nkhani yolamulira anthu kudzera mwa mafumu awo anadzafika ku Nyasaland ndi kusiya chipsera chimene tikuchionabe.

Mutu woyamba, wa ubwana ndi usilikali wake, ndaumaliza ndipo sunandivute. Lugard anabadwa pa 22 Januwale 1858 ku Madras, mzinda wa ku India umene tsopano umatchedwa Chennai, kumene bambo ake anali mbusa. Anaphunzira ku Rossall ndi kusukulu ya asilikali ya Sandhurst, kenako anamenya nawo nkhondo ku Afghanistan, ku Sudan ndi ku Burma. Zonsezi ndaziika pa tsamba limodzi ndi theka, pakuti mphunzitsi amene ali ndi mphindi 40 zokha m'kalasi sangataye nthawi pa nkhondo ya ku Burma.

11 Febuluwale

Sabata yonseyi ndakhala pa mutu wa Karonga, ndipo ndikuona kuti ndiwo udzakhala mtima wa kabukuka kwa owerenga akuno kwathu.

Kampani ya African Lakes, imene makolo athu ankaitcha Mandala chifukwa cha magalasi amene John Moir ankavala, inatsegula sitolo ku Karonga mu 1884, ndipo woyang'anira wake anali Monteith Fotheringham. Chapafupi, ku Mpata, m'mbali mwa mtsinje wa North Rukuru, kunakhazikika wamalonda wachiswahili dzina lake Mlozi pamodzi ndi anzake Kopa Kopa ndi Msalemu, amene ankagulitsa minyanga ya njovu ndi akapolo. Iwo anamanga malinga olimba a mitengo ndi dothi. Mu 1887 mkangano pakati pawo ndi Ankhonde unasanduka nkhondo, ndipo Ankhonde ambiri amene anathawira m'mabango a ku Kambwe anafera komweko mabangowo atayatsidwa moto. Lugard, amene panthawiyo anali kaputeni wa asilikali koma ali patchuthi, anafika ku Blantyre mu 1888 ndi kuvomera kutsogolera gulu la kampaniyo, la azungu owerengeka ndi Aafirika mazana angapo, ena mwa iwo Atonga. Mu Juni chaka chomwecho anaukira linga la Kopa Kopa, ndipo pamene ankakwera mpanda chipolopolo chinamulasa mikono yonse iwiri ndi kumupweteka pachifuwa. Gulu lake linabwerera osalanda lingalo. Atachira anayesanso, ngakhale mzinga unabwera kudzathandiza, koma malinga sanagwe, ndipo mu 1889 anachoka m'dziko muno nkhondo isanathe. Harry Johnston, nthumwi ya boma la Britain, anachita pangano ndi Mlozi chaka chomwecho, koma anadzamugonjetsa ndi kumupachika mu Disembala 1895.

Pali ziganizo ziwiri zimene ndazilemba ndi kuzifufuta kangapo. Choyamba ndi chonena za cholinga cha nkhondoyi. Mabuku akale a atsamunda amaifotokoza ngati nkhondo yothetsa ukapolo basi, ndipo sindikufuna kupeputsa mazunzo amene Ankhonde anaona m'manja mwa Mlozi, chifukwa anali enieni. Koma kampaniyo inkagula minyanga kwa amalonda achiswahili omwewo, ndipo inkafunitsitsa kuti njira ya Stevenson, yolumikiza nyanja yathu ndi nyanja ya Tanganyika, ikhale m'manja mwake. Ndasankha kuti zonse ziwiri zikhale m'ndime imodzi, kuti ophunzira azione pamodzi monga momwe zinachitikira pamodzi. Chachiwiri ndi chonena za Lugard mwiniwake: ku Karonga analephera. Ndalemba mawu amenewa mosabisa, chifukwa m'mabuku ambiri chilonda chake chimatchulidwa mwaulemu kwambiri kotero kuti wowerenga amaiwala kufunsa ngati linga linagwa. Amene anamwalira pankhondoyo ali pambali pake, Atonga ndi Ankhonde, mayina awo sanalowe m'mabuku amenewo, ndipo ndaonjezera chiganizo chowakumbukira.

19 Febuluwale

Ntchito yachedwa chifukwa magetsi anazima masiku atatu otsatizana nthawi ya madzulo, imene ndimalemba, ndipo ndime zina ndazilemba pamanja m'kope. Mutu wa Uganda ndaufupikitsa kwambiri. Ndangosunga mfundo zakuti Lugard anafika ku Buganda mu 1890 m'dzina la kampani ya Imperial British East Africa, anamanga linga pa phiri la Kampala, anachita pangano ndi mfumu ya Buganda, Kabaka Mwanga, ndipo mu Januwale 1892, pankhondo ya ku Mengo, mfuti yake ya chiwaya ya mtundu wa Maxim inathandiza gulu la Apulotesitanti kugonjetsa gulu la Akatolika. Ulendo wake wa ku Borgu, kumadzulo kwa Afirika, mu 1894, wokachita mapangano ndi mafumu Afalansa asanafike, ndautchula m'chiganizo chimodzi, ndipo wa ku nyanja ya Ngami ndauchotsa.

2 Malichi

Mutu wa Nigeria wandilemera mumtima kuposa ina yonse. Lugard anakhala mkulu wa boma la atsamunda kumpoto kwa Nigeria kuyambira 1900 mpaka 1906. Dera limeneli linali ndi ufumu wachisilamu wa Sokoto, umene Usman dan Fodio anauyambitsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, wokhala ndi makhoti, misonkho ndi alembi akeake. Mu 1903 asilikali a Lugard analanda Kano mu Febuluwale ndi Sokoto mu Malichi, ndipo Sultan Attahiru wa ku Sokoto, amene anathawa, anaphedwa ku Burmi mu Julayi chaka chomwecho. Popeza azungu ogwira ntchito m'boma anali ochepa kwambiri poyerekeza ndi kukula kwa dzikolo, ndipo ndalama zinali zosakwanira, Lugard anasiya mafumu a kumeneko pamipando yawo, koma tsopano ankalongedwa ndi boma, kulumbira kuti adzamvera mfumu ya ku Britain, kutolera msonkho ndi kugawana ndi boma, ndipo boma linali ndi mphamvu yowachotsa. Umu ndi momwe njira yolamulira kudzera mwa mafumu inakhwimira.

Mu 1906 anthu osauka a m'mudzi wa Satiru, pafupi ndi Sokoto, anaukira boma ndi kupha asilikali ndi azungu angapo. Lugard anatumiza asilikali ambiri, ndipo anthu pafupifupi 2,000, ambiri mwa iwo atanyamula makasu ndi nkhwangwa, anaphedwa, mudziwo n'kuufafaniza. Mnzanga wina amene ndinamuonetsa ndimeyi anandilangiza kuti ndiichotse poopa kuti ingawawitse mitima ya ana. Ndalemekeza nkhawa yake koma ndimeyo ndaisiya, chifukwa kabuku kofotokoza ulemu umene munthu analandira sikangakhale koona ngati kabisa zimene munthuyo anachita pa njira yopita ku ulemuwo.

Za Hong Kong, kumene anali bwanamkubwa kuyambira 1907 mpaka 1912, ndalemba ndime imodzi yonena za yunivesite ya Hong Kong, imene iye analimbikira kuti ikhazikitsidwe, wamalonda Hormusjee Mody n'kupereka ndalama zomangira nyumba yake yaikulu, ndipo inatsegulidwa mu 1912. Ichi ndi chinthu chabwino chimene anachita, ndipo ndachilemba monga chabwino. Atabwerera ku Nigeria anaphatikiza kumpoto ndi kummwera kukhala dziko limodzi pa 1 Januwale 1914, nalilamulira mpaka 1919. Dzina lakuti Nigeria analipereka ndi Flora Shaw, mtolankhani wa nyuzipepala ya The Times, m'nkhani ya mu Januwale 1897, ndipo iyeyu ndi amene anadzakwatiwa ndi Lugard mu 1902.

9 Malichi

Tsopano ndafika pa dzina laulemu lenilenilo, ndipo vuto langa lalikulu lakhala la mawu.

Ku Britain mayina a anthu apamwamba otere ali m'magulu asanu, kuyambira lalikulu: duke, marquess, earl, viscount ndi baron. Motero baron ndiye wotsika pa onse, ngakhale kuti m'masiku a Lugard dzinali linkapatsa mwini wake mpando m'nyumba yachiwiri ya malamulo, ya House of Lords. Mu Malichi 1928, mu ulamuliro wa Mfumu George V, Stanley Baldwin ali nduna yaikulu, Sir Frederick Lugard anakhala Baron Lugard wa ku Abinger m'chigawo cha Surrey. Abinger ndi dera la kumudzi kumene iye ndi mkazi wake ankakhala, m'nyumba yotchedwa Little Parkhurst. Poyamba ndinalemba kuti Lugard "analongedwa ufumu", koma ndafufuta, chifukwa dzinali silinamupatse malo, anthu kapena bwalo loweruzira milandu, ndipo palibe munthu wa ku Abinger amene ankapita kwa iye kukapempha munda. Ndasankha kungonena kuti "dzina laulemu lotengerana pamtundu".

Dzina lotere limaperekedwa ndi kalata ya mfumu, ndipo kalatayo imanena amene adzalitenge mwini wake akamwalira. Mwa chizolowezi limapita kwa ana aamuna obadwa m'banja lovomerezeka la munthu woyambayo ndi zidzukulu zawo za kuchimuna. Lugard ndi Flora Shaw sanabereke mwana. Flora anamwalira mu Januwale 1929, pasanathe chaka chilandirireni mwamuna wake dzinalo, ndipo Lugard sanakwatirenso. Atamwalira pa 11 Epulo 1945, ali ndi zaka 87, panalibe woti n'kulitenga, ndipo iye anakhala woyamba ndi wotsiriza kulitchedwa. Dzinali linakhala zaka 17 zokha.

Angerezi amasiyanitsa zinthu zitatu zimene ife tingazisokoneze mosavuta. Dzina likhoza kugona, pamene wolitenga angakhalepo koma sanapezeke kapena sanatsimikizire ubale wake. Mayina ena akale kwambiri amatha kuima pakati pa ana aakazi angapo amene ali ndi ufulu wofanana, mpaka mmodzi atatsala kapena mfumu itasankha. Koma la Lugard linatheratu, ndipo mawu awo ndi akuti extinct. Ndayesa kulemba kuti "linafa", "linazima" ndi "linazimirira", koma palibe limene landikhutiritsa. Ndiwasiya onse atatu papepala mpaka nditamva makutu a ena.

Ndalakwitsanso chinthu china chimene ndiyenera kuchilemba pano kuti ndisachibwereze. Nditaona dzina lakuti Baron Abinger ndinaganiza kuti ndi la Lugard lomwelo, ndipo ndinatsala pang'ono kulemba kuti dzinalo lidakalipo. Baron Abinger ndi dzina lina, la banja la Scarlett, loperekedwa mu 1835. Mu dzina la Lugard, mawu akuti Abinger amangosonyeza kumene ankakhala. Ndaika chenjezo laling'ono m'kabukuka, popeza mphunzitsi wofufuza pa intaneti akhoza kugwa m'dzenje lomwelo.

16 Malichi

Ndinapita kumudzi kukaona amalume, amene ndi nyakwawa, ndipo ndinatenga masamba a mutu wa dzina laulemu. Tinakhala pakhonde, iwo ali pampando wawo wa ndalema akusenda chinangwa ndi kampeni, ine ndili pamphasa ndikuwawerengera. Anamvetsera osandidula mpaka pamene ndinafika pa imfa ya Lugard, ndipo apo anaika kampeni pansi.

"A Phiri, bwerezani pamenepo. Mwati dzina linatha chifukwa analibe mwana? Kodi munthuyo analibe abale?"

Ndinayankha kuti anali ndi mng'ono wake, Edward, amene anagwira naye ntchito ku Nigeria ndipo anali moyo pamene mkulu wakeyo ankamwalira, koma kalata ya mfumu sinamutchule, choncho sakanatha kulowa dzinalo. Ndinawauzanso kuti nthawi zina mfumu inkalemba mwapadera kuti m'bale alowe, monga zinachitikira ndi Kitchener, mkulu wa asilikali a Britain, amene analibenso mwana koma dzina lake la earl, la mu 1914, linapita kwa mkulu wake ndipo linakhalapo mpaka 2011.

Amalume anapukusa mutu. "Ndiye kuti kwawoko dzina ndi la munthu mmodzi ndi ana a m'chiuno mwake. Kuno dzina ndi la mbumba. Ine ndikagona lero, amayi a mudzi uno adzakhala pansi, adzayang'ana pakati pa ana a alongo anga, ndipo wina adzalowa dzinali. Ngakhale patapita zaka, dzina limadikira." Anakhala chete pang'ono, kenako anati: "Musalembe kuti linafa, chifukwa anthu adzafunsa kuti analowa ndani. Lembani kuti dzinalo linathera pa iye."

Mawu amenewo ndawatenga monga momwe anawanenera. Ndaonjezeranso ndime yatsopano yoyerekeza njira ziwirizi, ndipo ndasamala kunena kuti kulowa ufumu kudzera kuchikazi ndi mwambo wa Achewa, Ayao ndi Alomwe, pamene Angoni ndi Ankhonde amatsata kuchimuna, kuti mphunzitsi wa ku Mzimba kapena ku Karonga asaone ngati ndaiwala kwawo. Ndili m'basi pobwerera, chinthu chimodzi chinandikhala m'mutu: munthu amene anakhala zaka zambiri akusankha kuti ndani akhale mfumu m'mayiko a eni ndi kuti ndani achotsedwe, analibe mphamvu yosankha wolowa dzina lake.

27 Malichi

Mutu wotsiriza, wonena za zimene zinatsala dzina litatha, wayamba kuoneka bwino. Atapuma pa ntchito ya ubwanamkubwa, Lugard sanakhale chete. Mu 1922 anatulutsa buku lake lotchedwa The Dual Mandate in British Tropical Africa, m'mene ananena kuti Britain ili ndi maudindo awiri mu Afirika, wotukula anthu akuda ndi wotsegula chuma cha mayiko awo kuti chipindulire dziko lonse lapansi. Bukuli linakhala ngati katekisimu wa achinyamata opita kukagwira ntchito m'maboma a atsamunda. Anakhalanso zaka zoposa khumi, mpaka 1936, m'komiti ya bungwe la mayiko la League of Nations yoyang'anira mayiko amene analandidwa kwa Germany ndi Turkey nkhondo yoyamba yapadziko lonse itatha, ndipo mpando wake mu House of Lords unamupatsa malo ena olankhulira pa nkhani za Afirika. Ndikawerenga mfundo ya maudindo awiriwo ndimaona kuti pamene awiriwo ankawombana, monga pa nkhani ya msonkho ndi ya ntchito yokakamiza, wachiwiri ndiwo unkapambana, ndipo ndalemba maganizo amenewa ndi kusonyeza kuti ndi anga.

Njira yakeyo sinayende mofanana paliponse. Kumpoto kwa Nigeria inapeza mafumu amphamvu kale. Kummwera, msonkho watsopano unabutsa chipolowe pakati pa Aegba mu 1918, ndipo kummawa, kumene midzi yambiri inalibe mafumu akuluakulu, boma linkangosankha munthu ndi kumupatsa kalata ya ufumu, mpaka amayi a kudera la Aba anaukira mu 1929. Donald Cameron, amene anagwira ntchito ku Nigeria, anaitengera ku Tanganyika atakhala bwanamkubwa mu 1925. Kuno ku Nyasaland boma linali litayamba kale mu 1912 kusankha mafumu ena kuti akhale pamwamba pa anzawo, koma malamulo a mu 1933 ndiwo anapatsa mafumu ovomerezedwa ndi boma mphamvu yopanga malamulo ang'onoang'ono ndi kukhala ndi makhoti awo, DC akuwayang'anira. Dziko litalandira ufulu mu 1964, lamulo la mafumu la mu 1967 linasunga mfundo yakuti boma ndilo limavomereza mfumu ndipo likhoza kuichotsa. Ndasamala kuti ndisalembe ngati kuti ufumu wathu unayamba ndi Lugard, chifukwa Kalonga, Kyungu ndi M'mbelwa analipo iye asanaponde dziko lino. Chimene chinabwera ndi njira yake ndi chingwe chomangirira mfumu ku boma, ndipo ndime imeneyi ndaiwerenga kangapo kuti malire a mfundoyi aoneke bwino.

Ndaika ndime yaifupi ya malo amene akutchedwabe dzina lake: msewu wa Lugard pa phiri la Victoria Peak ku Hong Kong, nyumba ya Lugard Hall ku Kaduna, ndi mathithi a Lugard pa mtsinje wa Galana ku Kenya. Makalata ake ambiri akusungidwa ku Oxford. Ndatchulanso kuti kuyambira 1958 Britain inayamba kupereka mayina a ubaron othera pa mwini wake mwadala, ndipo lamulo la mu 1999 linachotsa ambiri a mayina otengerana pamtundu mu House of Lords n'kusiya 92 okha, kuti wophunzira asaganize kuti zinthu kumeneko zili monga zinalili mu 1928.

6 Epulo

Mitu yonse isanu ndi umodzi yalembedwa, ndipo kabukuka kafika masamba 34. Aphunzitsi awiri amene anawerenga anandibwezera mapepala atalembapo ndi cholembera chofiira. Mmodzi wapempha kuti ndiike mafunso okambirana kumapeto kwa mutu uliwonse, ndipo ndavomera. Winayo waona kuti mutu wa Karonga ukufotokoza za Ankhonde kudzera m'maso mwa azungu a kampani, ngakhale m'malo amene ndinkaganiza kuti ndasamala, ndipo nditawerenganso ndapeza kuti akunena zoona: m'ndime zitatu Ankhonde akungochitiridwa zinthu, osachita kanthu iwo eni. Sindingakonze zimenezi ndili pa tebulo langa, chifukwa zikufunika mawu a anthu amene makolo awo anathawira ku Kambwe.

Choncho ndaimitsa zopita kwa osindikiza mpaka kumapeto kwa mwezi wamawa. Zotsala ndi kujambula mapu osonyeza Karonga, Mpata, Kambwe ndi njira ya Stevenson, kuyerekezanso zaka zonse za m'kabuku ndi zimene ndinalemba m'kope, ndi kusintha mawu akuti "linafa" amene atsalira m'malo awiri pa tsamba 27 kuti agwirizane ndi a amalume. Mvula ikangodukiza ndinyamuka ulendo wa ku Karonga, ndipo ndalembera kale mphunzitsi mnzanga wa kumeneko, amene amayankhula Chinkhonde, kuti andiperekeze ku Mpata ndi kukandipemphera kwa mafumu nthawi yocheza ndi akuluakulu a m'midzi ya m'mbali mwa North Rukuru.